Dzina lathu lili pansi, pa mzele wa zikomo

Tsiku limenelo malaiti anali atapita kuyambila masana, ndipo tinali anayi m'kacipinda ka mnzathu, tonse titaunjikana pa laputopu imodzi imene batile yake inali pafupi kutha. Tinali kumuthandiza kudzaza fomu yopemphela thandizo la maphunzilo a masters kunja kwa dziko. Dzina, tsiku lobadwa, magiledi, zonsezo tinadutsa mwamsanga. Ndiyeno tinafika pa bokosi limene linatikhalika cete. Linali kufuna kuti alembe mapepala a kafukufuku amene anafalitsapo, ndipo pansi pake panali kampata koikapo linki ya peji yake ya Google Scholar, ngati ali nayo.

Tinayang'anana. Kafukufuku si cinthu cacilendo kwa ife. Kwa zaka ziwili tinagwila nchito yosonkhanitsa mayankho m'makomboni a mu Lusaka, tabuleti m'manja, khomo na khomo. Tidziwa agalu a m'njila zimenezo, tidziwa matope a mu February, tidziwa mmene mzimai amakuyang'anila ukamufunsa ndalama zimene amapeza pamwezi pamene apongozi ake akhala pafupi akumvetsela. Mafunso anabwela m'Cizungu. Ndife tinawatembenuza kuti amveke m'Cinyanja ca m'tauni, ndipo ndife tinabwelela ku ofesi kukakamba kuti funso lina anthu anali kulimva mosiyana na mmene analilembela. Analisintha. Patapita caka na miyezi, pepala la kafukufukuyo linatuluka.

Usiku umenewo tinalifuna pa intaneti na kulitsegula. Pamwamba panali maina a olemba, ena tinali kuwadziwa, ena sitinawaonepo na maso. Tinatsika mpaka kumapeto, ndipo pafupi na mndandanda wa mabuku tinapeza ciganizo cimodzi coyamikila gulu limene linasonkhanitsa mayankho. Amai ake a mnzathu analowa na kandulo, n'kumva tikukambilana. Anafunsa kuti, "Nanga mwati nchito yanu ija inatuluka m'buku, dzina lako lili pati mwananga?" Iye analoza pa sikilini. "Apa palembedwa zikomo, amai." "Zikomo kwa ndani?" "Kwa ife tonse." Amai aja anaika kandulo pa thebulo n'kukamba kuti, "Koma olo pamalilo, amene wapeleka K20 amamulemba dzina m'buku." Anatuluka, ndipo palibe amene anaseka.

Sitidzachula bungwe limene tinagwilila nchito, cifukwa palibe amene anatinamiza. Anatilipila zimene tinapangana, ndipo ndalama zija zinatithandiza pa lendi na pa mafizi a ang'ono athu. Cimene sitinali kudziwa n'cakuti ofufuza ali na ndalama ya mtundu wina, imene siilowa m'thumba koma ndiyo imatsegula makomo a sukulu, a nchito na a thandizo. Ndalama imeneyo ni dzina pamwamba pa pepala, na kuculuka kwa anthu amene amachula pepalalo m'zolemba zawo. Kuyambila pamenepo tinayamba kufufuza mmene kuwelengela kumeneku kumayendela. Tilemba pano zimene tinapeza, cifukwa tidziwa kuti ambili a inu muli pa nchito monga yathu, kapena muli caka comaliza pa yunivesite.

Wofufuza akalemba pepala, kumapeto amaika mndandanda wa mapepala ena amene anasewenzetsa. Pepala lililonse limene lachulidwa pa mndandandawo lapeza citation imodzi. Mwambowu unayamba monga ulemu na cilungamo: kuonetsa kumene unatenga mfundo, kuti wina akafuna akadzionele yekha. Mu 1955 Eugene Garfield wa ku America analemba mu journal ya Science kuti ngati mindandanda yonseyi ingaikidwe pamodzi, munthu angathe kutenga pepala lakale n'kuona onse amene analichula pambuyo pake. Kampani yake ya ku Philadelphia inatulutsa Science Citation Index mu 1964. Cinali cida cofunila zinthu mu laibulale. Koma cinthu cikangotheka kuwelengeka, sipatenga nthawi kuti mabwana aciike pa sikelo yopimila anthu.

Poyamba anapima ma journal. Cimene amati impact factor ni masamu osavuta: amawelenga kangati m'caka cino anthu achula mapepala amene journal inafalitsa zaka ziwili zapitazo, n'kugawa na ciwelengelo ca mapepalawo. Pambuyo pake anafika pa munthu payekha. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswili wa physics ku University of California, San Diego, anabweletsa h-index. Tiyelekeze kuti mwalemba mapepala 6, ndipo achulidwa maulendo 50, 18, 7, 4, 3 na 1. Muli na mapepala 4 amene lililonse lachulidwa maulendo 4 kapena kuposa, koma mulibe mapepala 5 ochulidwa maulendo 5. Conco h-index yanu ni 4. Google Scholar, imene inayamba mu 2004, imawelengela yokha nambala imeneyi kwa aliyense amene watsegula peji yake, ndipo ni yaulele kuiona. Scopus na Web of Science nazo zimawelenga, koma ni zolipila, ndipo zimasankha ma journal amene zilandila.

Tikambe zoona, manambala amenewa sitikuwazonda. Ife amene tilibe amalume mu ofesi tidziwa mmene zinthu zimayendela ngati palibe sikelo iliyonse. Amayamba kufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, unacokela sukulu iti, wakutuma ndani. Komiti imene ili na mafomu mahandiledi siingawelenge pepala lililonse la munthu aliyense, ndipo nambala imene siifunsa mtundu wako kapena dzina la atate ako ili na ubwino wake. Komanso ngati akatswili ambili m'maiko osiyanasiyana akusewenzetsa nchito ya munthu kwa zaka zambili, pamakhala kanthu ndithu. Vuto limayamba pamene nambala yafunsidwa funso limene siingathe kuyankha.

Citation imangokamba kuti wolemba pepala wina wachula pepala lako. Siikamba cifukwa cake. Mu 2014 magazini ya Nature inafufuza mapepala 100 ochulidwa koposa m'mbili ya sayansi. Pamwamba panali pepala la Oliver Lowry na anzake la mu 1951, lofotokoza njila yopimila kuculuka kwa ma protein m'labu, litachulidwa maulendo oposa 300,000. Pepala la Watson na Crick la mu 1953, limene linafotokoza mmene DNA inapangidwila, silinalowe n'komwe pa 100 amenewo. Lowry anapeleka cida cimene aliyense m'labu amanyamula tsiku na tsiku, conco amaciyamikila nthawi zonse. Zimene Watson na Crick anapeza zinalowa m'mabuku a kusukulu mpaka anthu analeka kuona cifukwa cochulila gwelo lake.

Palinso nkhani ya nthawi. Gregor Mendel anafalitsa zotsatila za kafukufuku wake wa cibadwa ca zomela mu 1866, ndipo anamwalila mu 1884 anthu ocepa cabe atamuchulako. Mu 1900 ndiye pamene asayansi ena anazindikila kufunika kwa nchito yake. Akanakhala kuti anali kupempha nchito na h-index, akanamubweza pa geti. Kumbali ina, pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, limene linacititsa makolo ambili kuopa katemela wa MMR, The Lancet inalicotsa mu 2010 zitadziwika kuti linali lacinyengo. Koma lachulidwa kambilimbili, ndipo ambili amalichula politsutsa. Kompyuta imawelenga zonsezo mofanana. Ndipo nthambi za maphunzilo sizilingana: pepala lina la physics la mu 2015 lokamba za Higgs boson linali na olemba 5,154, pamene katswili wa mbili yakale angathe kutha zaka zisanu akulemba buku limodzi ali yekha. Kuika anthu awiliwa pa sikelo imodzi kuli ngati kupima makala na mafuta ophikila m'cigubu cimodzi.

Ndiye pali amene aphunzila kusewela na sikeloyo. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble, France, anapeka wofufuza wongoyelekezela dzina lake Ike Antkare. Anasewenzetsa pulogilamu ya kompyuta kupanga mapepala pafupifupi 100 opanda tanthauzo, onse ochulana okhaokha, ndipo Google Scholar inawawelenga. Munthu amene sanabadwepo anafika pa h-index ya 94, kuposa imene Albert Einstein anali nayo pa nthawiyo. Labbé anacita zimenezi kuti aonetse kufooka kwa njilayo, koma ena amacita mwacinsinsi kuti akwezedwe pa nchito. Pali magulu a ofufuza amene amapangana kuti iwe unichule mwezi uno, ine nidzakuchula mwezi wamawa. Ife amene tinakulila pa cilimba tinamvetsa mwamsanga. Kusiyana kwake n'kwakuti cilimba ca amai athu cimazungulitsa ndalama zenizeni zimene munthu anakhetsela thukuta.

Anthu ataona kuti kuwelenga ma citation kokha sikukwanila, anayamba kuyang'ananso kuti wofufuza amalemba na ndani. Amajambula mapu: munthu aliyense ni kadontho, ndipo awili akalembela pamodzi pepala, pakati pawo pamakhala mzele. Citsanzo cochuka ni ca Paul Erdős, katswili wa masamu wa ku Hungary amene anamwalila mu 1996. Anali kuyendayenda na sutukesi, kugona m'nyumba za anzake na kucita nawo masamu, ndipo analemba mapepala pafupifupi 1,500 na anthu oposa 500. Mpaka lelo akatswili a masamu amawelengela Erdős number yawo. Amene analemba naye ali na 1, amene analemba na munthu wa 1 ali na 2, mpaka conco. Pa mapu otele amaona amene ali na mizele yambili, komanso amene ali ngati ulalo pakati pa magulu awili amene popanda iye sakanakumana.

Mapu amenewa amaonetsa cinthu cimene aliyense wa mu Lusaka adziwa kale: nchito imayenda na anthu amene uwadziwa. Amene ali pakati amamva msanga za ndalama za kafukufuku, amaitanidwa ku misonkhano, ndipo pepala lake likatuluka anzake ambili amaliona na kulichula. Mu 1968 Robert Merton, katswili wa za cikhalidwe ca anthu, anafotokoza kuti asayansi awili akacita nchito yofanana, ulemu wambili umapita kwa amene ni wochuka kale. Anazicha Matthew effect, kutengela fanizo la matalente la m'buku la Mateyu. Conco ma citation na mapu a mgwilizano amadyetsana. Wodziwika amapeza anzake ambili, anzake ambili amamubweletsela ma citation, ma citation amamubweletsela ndalama, ndipo ndalama zimamubweletsela anzake ena.

Manje ganizilani mapu a kafukufuku wa zaumoyo wa kuno kwathu. Mizele yambili yocokela mu Lusaka imaoloka nyanja kupita ku Britain na ku America, cifukwa ndiko kumacokela ndalama zambili. Mizele yopita ku Lilongwe, ku Harare kapena ku Ndola ni yocepa, ngakhale kuti matenda athu, mvula yathu na nsima yathu n'zofanana. Pa mapepala a zaumoyo, malo a dzina amakamba zambili: woyamba kambili ndiye anagwila nchito yaikulu yolemba, womaliza ndiye mkulu wa kafukufukuyo. Kafukufuku wina amene anatuluka mu BMJ Global Health mu 2019 anayang'ana mapepala masauzande okamba za umoyo m'maiko a kum'mwela kwa Sahara. Anapeza kuti ofufuza a m'maiko amenewo kambili amapezeka pakati pa mndandanda, makamaka pamene agwilizana na mayunivesite ochuka a ku America. Ngati madokota na mapulofesa amathela pakati, n'zosadabwitsa kuti ife a tabuleti timathela pa mzele wa zikomo.

Cimene cinatidabwitsa kwambili n'cakuti nzelu yojambula anthu monga madontho na mizele ili na muzu umodzi kuno ku Zambia. Mu 1937 ku Livingstone kunakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lofufuza za cikhalidwe ca anthu, limene pambuyo pake linalowa pansi pa University of Zambia ndipo lelo limadziwika kuti INESOR. John Barnes, amene ambili amati ndiye anayamba kusewenzetsa mawu akuti social network m'kafukufuku mu 1954 polemba za mudzi wa Bremnes ku Norway, anali atagwilapo nchito pansi pa bungweli pakati pa Angoni a Mpezeni kufupi na Fort Jameson, imene lelo ni Chipata. Mu 1969 Clyde Mitchell anasonkhanitsa buku la Social Networks in Urban Situations, lodzala na zofufuza za m'matauni a cigawo cathu cino. Mmenemo Bruce Kapferer anafotokoza mkangano wa anchito a pa mgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, poyang'ana kuti ndani anali kugwilizana na ndani. Anafufuzanso anchito 39 a pa fakitale yosoka zovala ku Kabwe komweko, ndipo manambala amenewo amasewenzetsedwabe pophunzitsa ophunzila mmene angasanthulile mapu a maubale.

Titawelenga zimenezi tinadzifunsa funso la amai aja: nanga amene anali kugogoda pa makomo anali ndani? Bungwe lija linali na othandizila ambili a Cifilika amene anali kufunsa mafunso, kumasulila na kulemba zimene anaona m'makomboni a pa migodi. Lyn Schumaker analemba buku lonse lokamba za iwo mu 2001, Africanizing Anthropology. Pa kabuku kochuka ka Mitchell ka mu 1956 kokamba za gule wa kalela ku Luanshya, amene analemba mawu a nyimbo za ovina anali a Sykes Ndilila. Mitchell anawayamikila m'kabukuko, koma pacikuto pali dzina limodzi, ndipo ma citation onse a zaka pafupifupi 70 apita kwa dzina limenelo. Pa mapu a mgwilizano a Ndilila alibe kadontho. Tinaona kuti sitili oyamba, ndipo zimenezi zinatitonthoza pang'ono komanso zinatipweteka.

Koma sitifuna kuti mucoke pano mukuganiza kuti kugwilizana na akunja ni msampha. Pali citsanzo ca kuno kwathu cimene cionetsa mmene zingayendele bwino. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, ku University Teaching Hospital mu Lusaka kunacitika kafukufuku wochedwa CHAP, pa ana oposa 500 amene anali na HIV. Funso linali lakuti, kodi mankhwala ochipa a co-trimoxazole, amene ambili timawadziwa kuti Septrin, angateteze anawa ku matenda ena ngati amwa tsiku lililonse? Madokota a ku Zambia anagwilizana na a Medical Research Council ya ku Britain. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane mu 2003, cifukwa phindu la mankhwalawo linali litaonekela kale ndipo sicinali cilungamo kupitiliza kumana ana ena. Imfa zinacepa na 43 pelesenti. Pepala linatuluka mu The Lancet mu 2004, ndipo dzina loyamba linali la a Pulofesa Chifumbe Chintu, dokota wa ana wa kuno kwathu. M'caka cimeneco WHO, UNICEF na UNAIDS anasintha malangizo awo okhudza ana otele.

Pepala limenelo lachulidwa kambili, ndipo m'pake. Koma taganizilani kumene phindu lake lenileni linapita. Nesi wa pa kiliniki amene amapeleka Septrin kwa mwana salemba pepala lililonse. Mai amene anali kupatsa mwana wake mankhwalawo m'mawa uliwonse sadziwa n'komwe kuti kuli The Lancet. Mwina ena a inu amene mukuwelenga pano munakula cifukwa ca kafukufuku ameneyu, ndipo palibe kompyuta imene inakuwelengani. Pa CHAP manambala na phindu zinayendela pamodzi, koma sizicitika conco nthawi zonse. Lipoti limene lathandiza unduna kusintha ndondomeko, buku lophunzitsila ana m'cinenelo cawo, kafukufuku wa mbewu imene alimi a cigawo cimodzi cabe amabyala, zonsezi zingasinthe miyoyo popanda kuonekela mu Scopus. Ma journal ambili a mu Africa sali n'komwe m'nkhokwe zikuluzikulu zimenezo.

Ofufuza ambili padziko anaona kale mavutowa. Mu December 2012, pa msonkhano wa ku San Francisco, analemba cikalata cochedwa DORA cimene cikamba kuti impact factor ya journal isamasewenzetsedwe popima pepala limodzi kapena munthu mmodzi. Mu 2015 Nature inafalitsa Leiden Manifesto, mfundo 10, ndipo zina mwa izo zikamba kuti manambala azithandizila ciweluzo ca akatswili amene awelenga nchitoyo, komanso kuti kafukufuku wothandiza anthu a dela limodzi azitetezedwa. Cimene cinatikhudza kwambili ife ni malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zaumoyo. Kuti munthu akhale wolemba afunika kukwanilitsa zinthu zinayi: kuthandiza kwambili pokonza kafukufuku, posonkhanitsa kapena posanthula mayankho, kuthandiza kulemba kapena kukonza pepala, kuvomeleza pepala lomaliza, na kuvomela kuyankha mlandu wa zimene zalembedwamo. Conco kusonkhanitsa mayankho pakokha sikupatsa munthu dzina pamwamba. Koma malamulo omwewo akamba kuti amene wakwanilitsa coyamba ayenela kupatsidwa mpata wotengako mbali pa zotsalazo. Mpata umenewo ife sitinaupemphe, cifukwa sitinali kudziwa kuti ulipo.

Palinso mbali imene tiyenela kudziimba mlandu tekha. Titatsegulanso mapulojekiti athu a caka comaliza pa yunivesite, tinawelenga mindandanda ya kumapeto. Pafupifupi maina onse anali a ku Ulaya na ku America. Tinali kulemba za madzi a m'komboni na za acinyamata a mu Lusaka, koma sitinafuneko zimene zinalembedwa mu Medical Journal of Zambia, kapena pa African Journals Online, imene yakhala ikusonkhanitsa ma journal a mu Africa kuyambila mu 1998. Sitinatsegule ngakhale zolemba za ophunzila amene anatitsogolela pa sukulu yomweyo. Tinali kutenga zimene Google Scholar yaika pamwamba, ndipo imaika pamwamba zimene zachulidwa kale kwambili. Tinali kuganiza kuti dzina lacizungu lidzasangalatsa ba lecturer. Mwa njila imeneyi Matthew effect ija tinaithandizila na manja athu, ndipo aphunzitsi athu amene, amene analembapo za nkhani zimenezo, tinawadutsa monga sitiwadziwa.

Ngati muli pamene tinali ife, pali zinthu zocepa zimene tingakuuzeni. Funsani za maina pa tsiku loyamba la nchito, osati pepala litatuluka. Ma journal ambili manje amasewenzetsa mndandanda wa CRediT, wa maudindo 14, umene umaonetsa amene anacita ciani, kuphatikizapo kusonkhanitsa na kusamalila mayankho. Tsegulani ORCID, nambala yaulele imene imasiyanitsa wofufuza mmodzi na anzake a dzina lofanana, cifukwa a Banda na a Phiri tilipo ambili. Cenjelani na maimelo olonjeza kufalitsa pepala lanu m'masiku ocepa mukangolipila, cifukwa ma journal otele sawelenga zimene mwatuma ndipo makomiti ozindikila amawadziwa. Ndipo mukaona h-index ya munthu, funsani kuti ali m'nthambi iti, wakhalamo zaka zingati, ndipo pa mapepala akewo anacita ciani. Mukatha kufunsa, tsegulani pepala limodzi muwelenge.

Mnzathu uja bokosi lija analisiya lopanda kanthu. Sanafune kulemba pepala limene dzina lake palibe. M'kalata yofotokoza za iye analemba za funso lija limene anthu anali kulimva molakwika, mmene anazindikilila, na mmene linasinthidwila. Anapempha mmodzi wa akuluakulu a kafukufukuyo kuti amulembele kalata yomucitila umboni, ndipo anavomela mosavuta, mpaka anadabwa kuti sanapemphe kale. Yankho la fomuyo tikali kuliyembekezela.

Miyezi ingapo yapitayo tinalowanso nchito ina yosonkhanitsa mayankho. Pa tsiku loyamba la maphunzilo, atatha kufotokoza za malipilo na za mayendedwe, anafunsa ngati pali funso. Mmodzi wa ife anaimika dzanja, mawu akunjenjemela pang'ono. "Ba dokota, kodi pali njila yakuti ena a ife tithandizeko kusanthula mayankho na kulemba, kuti maina athu akaonekeko pa pepala?" M'cipinda munakhala zii, ndipo ena anayang'ana pansi monga wakamba zamwano. Ba dokota anaganiza kanthawi, n'kuyankha kuti palibe amene anawafunsapo zimenezi. Anati sangalonjeze aliyense, koma amene afuna azibwela pa Cisanu masana pamene gulu limakumana kuyang'ana zimene zabwela kucokela m'makomboni, ndipo amene adzagwila nchitoyo mpaka kumapeto adzalembedwa.

Masana a pa Cisanu amenewo salipilidwa, ndipo ndalama ya minibasi imacoka m'thumba mwathu. Tidziwa kuti si aliyense angakwanitse zimenezo, ndipo pamenepa cilungamo cikali kupelewela. Pa anayi tinali m'kacipinda kaja, awili ndiwo amapita, ndipo madzulo amatumila enafe zimene aphunzila pa WhatsApp. Amai aja tikakumana nawo pa msika amafunsabe kuti, "Nanga dzina?" Timayankha kuti likali m'njila, amai. Pa Cisanu likubwelali gulu lidzakambilana cifukwa cake mabanja ambili a m'dela lina sanayankhe funso la ndalama. Pa kompyuta pangooneka mipata yopanda kanthu. Ife tinalipo pa makomo amenewo, tidziwa amene anali atakhala pafupi akumvetsela, ndipo atipempha kuti tikafotokoze.